Kodi Timgulire Nyumba Mwanayu?



Lero tikambirane nkhani imene ambiri timaikamba monong'ona. Nkhaniyi ndi ya mwana amene wakula kale, mwina ndi wandevu, mwina ndi mayi wa ana, koma wagwidwa ndi mowa kapena chamba. Ntchito idamuthera. Banja lake likugwedezeka. Amagona paliponse pamene kwamudera. Kholo likaona zotere, mtima umawawa. Tsono fodya akagulidwa bwino, ndalama zikalowa ku banki, kholo lija limadzifunsa kuti, "Bwanji ndingomgulira nyumba mwanayu? Mwina akakhala ndi pakepake adzasintha."

Funso limeneli si lachibwana ayi. Limachokera m'chikondi. Koma chikondi chokha sichokwanira, pafunikanso nzeru. Tiyeni tiliunike funsoli pang'onopang'ono, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

NDALAMA ZA FODYA ZIMABWERA KAMODZI

Tiyambe ndi ndalama. Inu alimi mukudziwa ulendo wa fodya. Mumayamba ndi nazale nthawi ya chilimwe, kutunga madzi ku dambo m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa mumawokera. Kenaka kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mabelo amapita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Pamenepo papita miyezi yambiri ya thukuta.

Kale fodya wa bale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Kuyambira m'chaka cha 1990 boma lidayamba kulola alimi ang'onoang'ono kuti nawonso azimulima. Kuchokera nthawi imeneyo mabanja ambiri a kumudzi akhala akugwira ndalama zochuluka nthawi imodzi. Koma kumbukirani kuti ndalama zimenezi zimabwera kamodzi pachaka. Mwa ndalama zomwezo muyenera kubweza ngongole ya feteleza, kulipira aganyu, kulipira fizi, ndi kusunga zoyambira ulimi wa chaka chinacho. Nyumba imodzi ya malata ingathe kudya thukuta la zaka ziwiri kapena zitatu. Ikatayika, simungaipezenso msanga. N'chifukwa chake nkhaniyi njofunika kuiganizira ndalama zisanatuluke m'thumba.

UCHIDAKWA NDI MATENDA

Tsopano timuone mwanayo. Ambiri timati, "Amachitira dala, angosiya basi." Ena timati, "Adamulodza." Koma madokotala amatiuza kuti uchidakwa ndi matenda. Munthu akamamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, ubongo ndi thupi lake zimazolowera mowa. Botolo limodzi limene linkamukwanira kale silimukwaniranso, amafuna awiri kapena atatu. Akapanda kumwa, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo sabwera, ndipo chibaba chimamugwira kolimba. Pamenepa sakumweranso chisangalalo. Akumwa kuti thupi likhale pansi.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa. Kuno ku Malawi, m'chaka cha 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti umene unkaononga anyamata ambiri, ndipo m'chaka cha 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi mavuto a mowa. Komabe kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo sizisowa m'misika yathu, makamaka nyengo yogulitsa fodya.

Za chamba, ena amati boma lidaloleza. Tisanamizane. Lamulo la m'chaka cha 2020 lidalola kulima chamba kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, ndipo ndi cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta chamba ukadali mlandu. Ndiponso kwa achinyamata ena chamba chimadzutsa matenda a maganizo.

Tsono ngati uchidakwa ndi matenda, funso lathu lasintha. Tsopano tikufunsa kuti: kodi nyumba ndi mankhwala a matenda amenewa?

ZIMENE ANZATHU A KUNJA ADAPEZA

Mu mzinda wa New York ku America mudali anthu ambiri ogona m'misewu, ena odwala maganizo, ena ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kale ankawauza kuti, "Yambani mwasiya mowa, nyumba mudzaipeza pambuyo." Ambiri ankalephera. M'chaka cha 1992 katswiri wina, dzina lake Sam Tsemberis, adayesa njira ina. Adati munthu ayambe wapatsidwa pogona, chithandizo chizimutsatira komweko. Dziko la Finland nalonso lidatenga njira imeneyi m'chaka cha 2008, ndipo anthu osowa pogona adachepa.

Ofufuza adapeza zinthu ziwiri. Choyamba, anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse adakhazikika m'nyumba zija, sadabwererenso ku msewu. Chachiwiri, nyumba payokha sidachotse uchidakwa. Ambiri ankamwabe monga anzawo amene sadalandire nyumba.

Palinso china choti tichione bwino. Anthu aja sadapatsidwe nyumba kuti zikhale zawo zoti angathe kugulitsa. Zidali nyumba za lendi. Iwo ankasonkhako gawo la ndalama zimene ankapeza, ndipo alangizi ankawayendera kawirikawiri.

Phunziro lake nali. Pogona pabwino mpofunika ndithu. Munthu wogona pa khonde la sitolo n'kovuta kuti achire. Koma kumpatsa munthu pogona ndi nkhani ina, kumpatsa chuma choti angagulitse ndi nkhani inanso.

ZIMENE ZIMACHITIKA TIKAPUPULUMA

Tiyerekeze kuti mwagula nyumba pa Chatoloma kapena pa Chamama, mwalembetsa dzina la mwana, mwampatsa makiyi ndi mapepala onse, inu n'kubwerera kumudzi. Chingachitike n'chiyani?

Chibaba chikamugwira ndalama alibe, amayamba ndi zing'onozing'ono. Lero mpando, mawa matiresi, mkuja chitseko cha kuchipinda. Pambuyo pake malata amayamba kutsika limodzilimodzi. Mwinanso amapita kwa wakatapila, n'kupereka mapepala a nyumba ngati chikole. Ngongole ya katapila imabereka mwezi ndi mwezi, mpaka nyumba yonse ipite pa mtengo wa njinga.

Nthawi zina nyumba siigulitsidwa, koma imasanduka pomwera. Anzake onse amadziwa kuti uko kulibe wamkulu wodzudzula. Ndiponso munthu wokhala yekha, akadwala usiku kapena akagwa ndi mowa, palibe womuona.

Kumudzi nakonso kumabuka nkhani. Ana ena amene adapirira nanu m'munda amayamba kudandaula kuti, "Ife tidasoka fodya mpaka zala kutupa, koma mphotho yapita kwa woledzera." Chidani chotere chimatha kukhala mpaka inu mutapita.

Sindikunena izi kuti mumtaye mwanayo, iyayi. Mwana ndi mwana, ngakhale atalowerera chotani. Ndikunena kuti pali njira yomuthandizira imene siika chuma chanu pamoto. Nazi mfundo zisanu ndi zitatu.

1. YAMBANI NDI CHIPATALA

Musanapite kwa wogulitsa nyumba, pitani naye kwa dokotala. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kapena pa chipatala chachikulu cha boma pa Kasungu, ndipo mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Iwo akaona kuti vuto ndi lalikulu, angakutumizeni kwina. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, amene amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ife a ku Kasungu tili pakati pa mizinda iwiriyi, pa msewu wa M1. Funsiranitu za malipiro musananyamuke.

Chenjezo lalikulu nali. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi popanda dokotala. Musamutsekere m'nyumba kapena kumumanga kuti mowa umuchoke. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kugwa ngati wakhunyu, kusokonezeka mutu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Ku chipatala kuli mankhwala othandiza pa masiku ovuta amenewa. Ndipo mwana akayamba kulankhula zofuna kudzipha, musayese nthabwala. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo thamangirani naye ku chipatala.

2. ITANANI ABALE

Mutu umodzi susenza denga. Musachite zinthu mobisa. Bambo asagule nyumba mayi osadziwa, mayinso asapereke ndalama kuseri. Khalani pansi ndi mwini mbumba, atsibweni ake a mwanayo, ndi ana anu ena. Ngati ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake ndi ankhoswe akhalepo. Auzeni ana enawo poyera kuti, "Mbale wanuyu akudwala. Tikufuna kumpezera pogona, koma chumachi n'cha banja lonse."

Mwini nkhaniyo akhaleponso. Mulankhule naye m'mawa asanalawe kanthu, osati ataledzera. Mufunseni chimene iye akufuna. Munthu wamkulu sakokedwa ngati mbuzi. Chimene wavomera ndi pakamwa pake amachisunga kuposa chimene mwamukakamiza.

3. YESANI KAYE ZAZING'ONO

Palibe mlimi amene amadzala munda wonse ndi mbewu imene sadaiyesepo. Yambani ndi chipinda cha lendi kwa miyezi 6, kapena mumangireni kanyumba pafupi ndi panu, monga tinkachitira ndi gowelo la anyamata. Ndalama za lendi muzipereka nokha kwa mwini nyumba, ndipo muzilandira lisiti. Ngati mukumuthandiza chakudya, mpatseni ufa, nyemba ndi sopo, osati ndalama m'manja. Pa miyezi imeneyi mudzaona ngati akusamala pakhomo, ngati akupita ku chipatala, ndi ngati katundu akadalipo.

4. DZINA LA PA PEPALA LIKHALE LANU

Iyi ndiyo mfundo yaikulu pa zonse. Mukatsimikiza zogula kapena kumanga, nyumbayo ilembedwe m'dzina lanu, kapena m'maina a inu awiri, bambo ndi mayi. Mwana akhalemo, koma mwini wake mukhale inu. Mapepala onse muwasunge nokha, malo ouma ndi obisika. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nyumba imene mapepala ake ali m'manja mwanu, wakatapila sangailande mwalamulo. Auzeninso amfumu ndi anthu oyandikana nawo kuti nyumbayo siyogulitsa, ndipo aliyense wogula malata kapena chitseko kwa mwanayo akugula mlandu.

Mwina mwana adzakwiya, adzati simumukhulupirira. Muyankheni mofatsa kuti, "Mwana wanga, sitikulimbana ndi iwe, tikulimbana ndi matendawa. Tikufuna kuti chaka chamawa udzakhalebe ndi pogona."

5. FUFUZANI MALO MUSANALIPIRE

Safunsa adadya phula. Nyengo ya fodya akamberembere amachuluka, ndipo puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri. Ngati nyumba ili m'tauni ya Kasungu, pitani ku khonsolo kapena ku ofesi ya za malo mukaone ngati wogulitsayo ndiye mwini wake, ndiponso ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo. Ngati ndi kumudzi, yambirani kwa nyakwawa ndi agulupu, ndipo mumve ngati abale a wogulitsayo avomereza.

Dziwaninso kuti m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la malo a makolo, limene lidakonzedwanso m'chaka cha 2022. Lamuloli limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera m'komiti ya za malo ya m'dera la agulupu, n'kulandira chiphaso. Kasungu lidali limodzi mwa maboma oyamba kumene ntchitoyi idayesedwa, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Funsani ku ofesi ya DC kuti akuuzeni zimene lamuloli limalola ndi zimene limaletsa pa malo amene mukuwafunawo. Polipira pakhale mboni, ndipo zonse zilembedwe.

6. SANKHANI MALO OYENERA, NYUMBA YAING'ONO

Nyumba yoyang'anana ndi bala, kapena yoyandikana ndi kumene amatcheza kachasu, ili ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi. Sankhani malo a pafupi ndi mbale wodalirika, kumene mungafike msanga pa njinga. Nyumba ikhale yaing'ono, chipinda chimodzi kapena ziwiri. Nyumba yaikulu imaitana alendo ogona, ndipo imakopa ogula.

Pakhalenso chochita. Munthu wongokhala, chibaba chimamupeza msanga. Kadimba ka masamba, nkhuku zingapo, ukalipentala kapena ntchito ya m'munda mwanu zimathandiza kuti tsiku lithe bwino. Koma musafulumire kumpatsa mpamba waukulu kapena njinga yamoto ya kabaza. Mowa ndi chiwongolero siziyendera limodzi.

7. LEMBANI PANGANO

Pano mpamene sukulu yathu ikugwira ntchito. Kale tikadangolankhula pakamwa, mawa wina n'kukana. Tsopano mumatha kulemba ndi kusaina dzina lanu. Tengani pepala, mulembe mawu ochepa omveka bwino, monga awa:

"Nyumba iyi ndi ya bambo ndi mayi. Mwana wathu akhalamo mwaulere. Sadzagulitsa, kubwereketsa kapena kupereka chikole nyumbayi ngakhale katundu wake. Sadzagulitsiramo mowa kapena chamba. Adzapita ku chipatala masiku onse amene adokotala anena. Ife makolo tidzamuyendera Loweruka lililonse. Tidzakhalanso pansi pakatha miyezi itatu kuti tione m'mene zikuyendera."

Pansi pake lembani tsiku. Musaine inu, asaine mwanayo, zisainenso mboni ziwiri. Pepala lina likhale kwa inu, lina kwa iye, lina kwa amfumu kapena mkulu wa banja. Taonani kuti panganoli likumanga mbali zonse ziwiri. Inunso muli ndi zanu zoti musunge. Musalembe chinthu chimene mukudziwa kuti simudzachichita, chifukwa kuopseza kopanda ntchito kumaphunzitsa mwana kuti mawu anu ndi mphepo.

8. LEMBANI WILO

Tonsefe ndife alendo pansi pano. Kodi inu mukadzapita, nyumbayo idzakhala ya yani? Mukapanda kulemba, abale angathe kumuthamangitsa mwanayo, kapena iye angaigulitse maliro asanaiwalike. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati wilo ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso. Ndi bwino kuti mbonizo zikhale anthu amene sadzalandirako kanthu. Lamulo lomwelo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Mu wilo mungathe kunena kuti mwanayo adzakhale m'nyumbamo moyo wake wonse koma asadzaigulitse, kuti munthu wina wokhulupirika adzaiyang'anire, ndi kuti pambuyo pake idzakhale ya adzukulu. Mawu otere amafunika kulembedwa mosamala. Pemphani thandizo ku ofesi ya DC kapena kwa a Legal Aid Bureau.

NANGA AKAYAMBIRANSO KUMWA?

Konzekerani, chifukwa zimachitika. Anthu ambiri amene adasiya mowa adagwapo kangapo asanaimirire. Munthu wodwala shuga matenda akamubwerera sitimuthamangitsa pakhomo, timabwerera naye ku chipatala. Chimodzimodzinso pano. Kugwa kamodzi si chifukwa chomulanda pogona. Dikirani mowa umuchoke, mukhale naye pansi, muwerenge pangano lija pamodzi, ndipo mubwerere kwa adokotala.

Koma musamubisire zolakwa. Akatenga ngongole ku mowa, musathamangire kubweza. Akaswa chitseko, achikonze ndi manja ake kapena ndi ganyu wake. Mukamakwirira dzenje lililonse limene wakumba, sadzaona kuzama kwake.

Pali malire amodzi amene sitinyengerera: nkhanza. Ngati akumenya mkazi wake, ana ake kapena inu makolo, moyo wa omenyedwawo ndiwo uyambe kutetezedwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira m'chaka cha 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, yotchedwa Victim Support Unit. Kukanena kumeneko si kumuda mwana wanu. Ngati pali adzukulu, onetsetsani kuti akudya, akupita ku sukulu, ndipo ali ndi kothawira usiku zinthu zikavuta.

MUSADZIIWALE INU ENI

Pomaliza, mawu kwa inu makolo. Musagulitse munda umene umakudyetsani. Musagulitse ng'ombe zonse ndi ngolo. Musatenge katapila kapena ngongole ya ku banki mkhonde imene simungathe kubweza. Mukagwa inu, mwanayo adzatsamira pa yani? Ngati ndalama sizikukwana kugula nyumba, musadzione ngati mwalephera. Kanyumba ka njerwa pakhomo panu, mbale ya nsima ndi ulendo wa ku chipatala zingathe kuchita zambiri kuposa nyumba yaikulu ya m'tauni.

Musadziimbenso mlandu usiku ndi usana. Matendawa amalowa m'nyumba ya mlimi, ya mphunzitsi, ya mfumu ndi ya m'busa yemwe. Inu mungathe kumpatsa mwana denga, chakudya ndi chikondi, ndipo mungathe kumuperekeza ku chipatala. Koma kusiya mowa adzasiya yekha, pa mapazi ake. Pezani mnzanu wokhulupirika woti muzimuuza za kukhosi, kumpingo, kumzikiti kapena m'kalasi mwanu momwemo. Mudzadabwa kuona kuti si inu nokha amene mwasenza mtolo umenewu.

Tsono tikabwerera ku funso lathu lija, kodi timgulire nyumba mwanayu? Yankho nali: mpezereni pogona, koma umwini ukhale wanu. Yambani ndi chipatala, yesani zazing'ono, lembani zonse. Akadzakhala zaka zingapo osamwa, akusamala pakhomo ndi ana ake, mudzakhalanso pansi ndi abale n'kuona ngati nthawi yosintha dzina pa pepala yakwana. Tsiku limenelo lidzakhala la chimwemwe kwa banja lonse.

 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALASI

1. N'chifukwa chiyani munthu womwa kwambiri sayenera kusiya mowa mwadzidzidzi popanda dokotala?
2. Kodi anzathu a ku New York adapeza zinthu ziwiri ziti?
3. Tchulani zifukwa ziwiri zosungira mapepala a nyumba m'dzina la makolo.
4. Kodi kwanuko munthu wofuna malo omangapo nyumba amayambira kwa yani?
5. Lembani m'kope mwanu pangano lalifupi la mizere isanu pakati pa kholo ndi mwana.